Ndani ayenera kuimba nawo ku Eurovision?

Achemwali, funso lanu ndalimva: mpikisano wa nyimbo wa Eurovision amati ndi wa ku Ulaya, nanga Australia ndi Israel akufunamo chiyani? Bwanji Russia anapirikitsidwa koma ena anasiyidwa? Nanga dziko la mu Africa lingalowe? Mayankho ambiri omwe ndawerenga pa funsoli akungokangana za mapu, ndiye mundilole nditambasule pang'ono. Chibwerereni kuno ku Mangalande sindinaphonyepo usiku wa mpikisanowu, ndipo nkhani ya amene aloledwa ndi amene atsekeredwa kunja imandikhudza kwambiri.

Tiyambire apa: olowa mpikisanowu si maboma, koma nyumba zoulutsa mawu. Mwini wake ndi bungwe la European Broadcasting Union, mwachidule EBU, lomwe likulu lake lili ku Geneva. Britain amapita kudzera mwa BBC, Italy mwa RAI, Israel mwa KAN. Kuti wailesi ikhale membala weniweni, dziko lake liyenera kukhala la m'bungwe la Council of Europe, apo ayi likhale m'chigawo chomwe akatswiri a ITU, bungwe la United Nations loona za mauthenga, anajambula pogawa mafunde a wailesi. Chigawo chimenechi n'chachikulu kuposa Ulaya wa pa mapu a kusukulu aja. Chimatenga kumpoto konse kwa Africa, kuyambira Morocco mpaka Egypt, n'kukafika ku Lebanon, Jordan ndi Israel. Khomo la Israel ndi limenelo, ndipo analowa kalekale, mu 1973. Wapambanapo kanayi: 1978, 1979, 1998 ndi 2018.

Tsono za Africa, yankho ndi lakuti zinachitikapo kale. Mu 1980 Morocco anatumiza Samira Said ku The Hague, kukaimba m'Chiarabu. Anapeza mapointi 7 okha, onse ochokera ku Italy, n'kukhala wa nambala 18 pa mayiko 19, ndipo Morocco sanabwererenso. Chaka chimenecho Israel kunalibe. Lebanon anakonzeka zonse mu 2005, woimba ndi nyimbo zilipo, koma anabwerera pakhomo chifukwa malamulo a kwawo sankalola kuonetsa nyimbo ya Israel pa kanema, pomwe EBU imati wolowa aliyense aonetse nyimbo zonse osadumphako. Choncho mayiko a Aluya sanatsekeredwe, anasankha okha kukhala panja.

Za Australia sizindivuta mpang'ono pomwe. Wailesi yawo ya SBS yakhala ikuonetsa mpikisanowu kuyambira 1983, anthu n'kumadzuka m'bandakucha kuti aonere, ndiye mu 2015 anaitanidwa ku Vienna ngati alendo pokondwerera mpikisano wa 60. Chaka chotsatira anathera pa nambala 2, n'kukhazikika. Ife okonda mpira izi si zachilendo: Senegal ndi Uganda anasewerapo mu COSAFA ngati alendo, ndipo palibe anati chikho chaipa. Mlendo wobwera ndi nyimbo yabwino, wolemekeza malamulo a pakhomo, muyalireni mphasa.

Pomwe mtima wanga suli m'malo ndi pa muyeso womwe amagwiritsa ntchito pochotsa anthu. Taonani mmene zinayendera. Dziko lotsala la Yugoslavia linasiya kuoneka pambuyo pa 1992, nthawi ya nkhondo ya ku Bosnia ndi zilango za United Nations, mpaka pomwe Serbia ndi Montenegro anabwera limodzi mu 2004. Belarus anakanidwa mu 2021 chifukwa nyimbo yake inkanyogodola anthu ochita zionetsero zotsutsa mtsogoleri wa dzikolo, Lukashenko, kenako wailesi ya boma ya dzikolo inachotsedwa m'bungwemo chifukwa chopondereza ufulu wa atolankhani. Nkhani ya Russia ndiyo imandionetsa poyera vuto lenileni. Pa 24 February 2022, tsiku lomwe asilikali a Russia analowa mu Ukraine, EBU inati mpikisanowu si wa ndale ndipo Russia aimba nawo. Wailesi za mayiko ngati Finland zitaopseza kuti zituluka, m'mawa mwake pa 25 mawu anasintha: Russia achoke, poti kukhalapo kwake kuipitsa mbiri ya mpikisano. Ine ndimagwirizana ndi kuchotsedwa kwa Russia. Koma onani kuti chomwe chinagwira ntchito tsiku limenelo si lamulo lolembedwa, koma kuchuluka kwa okwiya.

Ndiye inabwera nkhondo ya ku Gaza, a Hamas atapha anthu ku Israel pa 7 October 2023, ndipo Israel n'kubwezera mwa njira yomwe yapha anthu wamba zikwizikwi. Anthu anafunsa funso lomwe mwafunsali. Yankho la EBU linali lakuti mpikisanowu ndi wa wailesi, osati maboma, ndipo KAN ndi yoima payokha, mosiyana ndi wailesi za Russia zomwe zili m'manja mwa boma. Mfundo imeneyi si yopanda pake, tisanamizane. KAN yakhala ikulimbana ndi nduna za boma lake lomwe, zofuna kuigulitsa kapena kuitseka. Komanso woimba amene waima pa nsanja sindiye wotumiza ndege zankhondo, ndipo kumukuwiza, monga zinachitikira woimba wa Israel pa mpikisano wa ku Malmö, Sweden, mu 2024, sikunandisangalatse. Koma chifukwa chomwe chinaperekedwa pa 25 February chija sichinali choti wailesi ndi ya ndani, chinali mbiri ya mpikisano. Ngati muyeso ndi mbiri, nanga zionetsero za anthu zikwi zambiri m'misewu ya Malmö sizinaikhudze mbiriyo? Ndipo pa nsanja paja sipakwezedwa chizindikiro cha wailesi, pamakwezedwa mbendera. Mapointi 12, omwe ndi apamwamba kwambiri, akamalengezedwa, amatchula dzina la dziko.

Zinafika poipa mu 2025 ku Basel, pomwe Israel anatsogola pa mavoti a anthu oonera n'kuthera pa nambala 2, kumbuyo kwa Austria, pambuyo poti bungwe la boma lake linalipira zotsatsa pa intaneti zokopa mavoti. EBU inasintha malamulo, mavoti omwe munthu angaponye anatsika kuchoka pa 20 kufika pa 10, koma pa msonkhano wa mu December 2025 mamembala sanavote mwachindunji ngati Israel akhale kapena achoke. Zotsatira zake, Spain, Ireland, Netherlands, Slovenia ndi Iceland analengeza kuti ku Vienna mu 2026 sapita. Ganizirani kulemera kwa mayina amenewa. Netherlands anali mmodzi mwa mayiko 7 omwe anayambitsa mpikisanowu ku Lugano mu 1956. Ireland wapambana kasanu ndi kawiri, wofanana naye ndi Sweden yekha.

Maganizo anga ndi awa. Lamulo lilembedwe poyera, lisanadziwike dzina la amene lidzamugwere: dziko likafika pakuti pakuti pa nkhondo, kapena wailesi yake ikasanduka chipangizo chopondereza anthu, liyambe lapuma mpaka zinthu zitasintha. Alitsate pa bwenzi ndi pa mdani mofanana. Ndi lamulo lotero, ine ndikuona kuti Israel akanayenera kupuma monga anapumira Russia, ndipo wina wotsutsana nane akanakhala ndi ndime yoloza, m'malo moti tizingopimana kukula kwa mawu. Ife a kummwera kwa Africa tikudziwa kuti kupumitsa dziko si kudana ndi anthu ake. South Africa anatsekeredwa ku Olympics kuyambira 1964, tsankho litayamba kugwa anabwerera ku Barcelona mu 1992, ndipo dziko lonse linamuombera m'manja.

Palinso khomo lina lomwe silitchulidwa kawirikawiri, la ndalama. Britain, France, Germany, Italy ndi Spain, otchedwa Big Five, akhala akulowa mu fainolo osadutsa mu ndime zachipulula chifukwa ndiwo amasonkha zambiri. Turkey, yemwe anapambana mu 2003, anachoka pambuyo pa 2012 akudandaula za dongosolo limeneli ndi kavotedwe. Mu 2023, chaka chomwe mpikisano unachitikira ku Liverpool m'malo mwa Ukraine, Bulgaria, Montenegro ndi North Macedonia sanabwere chifukwa thumba linaperewera. Izi zimandipweteka kuposa nkhani ya Australia, chifukwa kukoma kwa usiku umenewu n'kwakuti San Marino, kadziko ka anthu osafika 40,000, amapereka mapointi ofanana ndi Germany. Ndikanakonda a chuma aja achepetsere anzawo ang'onoang'ono msonkho, ndipo nawonso azituluka thukuta mu ndime zachipulula. Kosovo nayenso wakhala akugogoda kwa zaka zambiri, koma wailesi yake ya RTK siloledwa chifukwa dzikolo si membala wa ITU kapena Council of Europe. Ameneyo ali pakati penipeni pa Ulaya, ndipo ine ndikanamutsegulira lero lomwe.

Pomaliza pa funso lanu lija, achemwali: Malawi, Zambia ndi anzathu a kummwera tili kutali ndi chigawo chija, choncho njira yokhayo ingakhale kuitanidwa ngati mmene anachitira Australia. Koma kuvota kokha n'kotheka. Kuyambira 2023 anthu a m'mayiko osapikisana amaponya voti pa intaneti polipira ndi khadi ya ku banki, ndipo mavoti awo onse amaphatikizidwa n'kuwerengedwa ngati a dziko limodzi. Abale anu ku Lilongwe kapena ku Chipata akafuna, ali ndi mbali yawo pa mapointi 12 amenewo.