Funsani Alangizi: Ndikaphunzire kuti ntchito yothandiza ana aulumali?

Funso: Ndine mlezi pa sukulu ya mkombaphala m'boma la Mchinji ndipo ndili ndi MSCE. M'mudzi mwathu muli ana atatu aulumali omwe makolo sawatulutsa m'nyumba. Mmodzi ali ndi zaka 4 koma satha kukhala tsonga payekha, ndipo amatsamwa akamadya phala. Ndimamva kuti pali thandizo la fizi kwa amayi ofuna kuphunzira ntchitoyi. Ndiyambire pati?

Yankho: Mayi, yambani mwasankha mbali yomwe mukuifuna, chifukwa sukulu zake n'zosiyana. Koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, imasula aphunzitsi a ana osaona, osamva ndi ovutika kuphunzira, koma kawirikawiri imatenga omwe ndi aphunzitsi kale. Za mafizo ndi kulimbitsa ziwalo mukafunse ku chipatala cha mafizo cha Kachere mu Blantyre. Koleji ya Magomero imaphunzitsa za chitukuko ndi chisamaliro cha anthu m'madera. Malinga ndi mwana mwamutchulayo, ife tikuona kuti mbali ya mafizo ndiyo ingakuyenereni.

Olipirira fizi, kaya ndi bungwe kaya mpingo, amafuna munthu yemwe adzabwerere kwawo. Choncho pamwamba pa satifiketi ndi chiphaso cha unzika, tengani kalata ya amfumu ndi ya ofesi ya chisamaliro cha anthu kwa DC. Sungani kaundula: mwana aliyense, vuto lake, tsiku lomwe munamuyendera ndi komwe munamutumiza. Kabuku kotere kamakuchitirani umboni kuposa kalata yodandaula umphawi. Zithunzi za ana musatumize makolo asanavomere.

Musanasayine mgwirizano ndi olipirawo, funsani ngati thandizolo likukhudza malo ogona, chakudya ndi thiransipoti yopitira kokayeserera ntchito. Fizi yokha siyokwanira, makamaka kwa mayi wosiya ana pakhomo. Funsaninso zaka zomwe mudzagwire ntchito mukamaliza. Wina akakuuzani kuti mutumize kaye ndalama pa foni kuti dzina lanu lilowe, musatumize.

Koma mwana wa zaka 4 uja sangadikire maphunziro anu. Zizindikirozo zimaoneka kwambiri ubongo ukavulala, monga mwana akachedwa kulira pobadwa, akadwala chikasu chachikulu ali wakhanda, malungo a muubongo kapena matenda oumitsa khosi. Si ufiti, ndipo mayi ake sanalakwe. Apite naye kuchipatala cha boma akamuone a mafizo.

Kutsamwako musakutenge mopepuka. Chakudya chikamalowera kumapapo mwana amadwala chibayo pafupipafupi, n'kumaonda. Asamadye chogona chagada. Mayi amukhazike pamiyendo, msana uli chilili, chibwano chitaweramira pang'ono pachifuwa. Mutu ukagwera kumbuyo njira ya mpweya imakhala pululu. Phala likhale lolimbirapo, lopanda mibulu, lothira nsinjiro kapena supuni ya mafuta, poti lamadzimadzi limathamanga mwana asanakonzeke kumeza. Supuni ikhale yaing'ono, ndipo asamupatse ina asanameze yoyamba. Ndi bwino kumudyetsa pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu n'kamodzi patsiku kusiyana n'kumukakamiza mbale yodzaza. Akatha, akhale tsonga mphindi 30.

Ngati amangogona, azimutembenuza maola awiri alionse kuti asatuluke zilonda m'chiuno ndi m'zidendene. Akagwa khunyu, mugonekeni chammbali, kutali ndi moto, osamuika kanthu m'kamwa. Kukomokako kukapitirira mphindi 5, thamangirani naye kuchipatala.

Za ana awiri enawo simunafotokoze. Uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu awayendere sabata ino, inu muli pomwepo ndi kaundula wanu. Makolo a ana atatuwo muwakumanitse, ndipo muwalumikize ndi PODCAM, bungwe la makolo a ana aulumali.