Waya wa sensa ameneyo musamudumphitse achimwene

Achimwene, mwati kapitawo akufuna mudumphitse ndi waya sensa imene imazimitsa jenereta ikatentha kwambiri; chonde waya wa sensayo musiyeni momwe alili. Kapitawo wanuyo akuti jenereta ikungozima popanda chifukwa, koma chifukwa chilipo, yatentha. Ine dzanja langa lamanja lili ndi chipsera mpaka lero chifukwa cha nzeru zomwezo.

Munali mu September 2023, nthawi ya stage 6 ija, pamene magetsi ankathima maola ambiri pa tsiku, ndikugwira pa fakitale ina ya mapulasitiki ku Booysens, mu Johannesburg. Jenereta yathu ya dizilo anaigula kuti izithandiza apo ndi apo, koma inayamba kulira maola 8 pa tsiku, pena 10. Buku lake linkati oilo asinthidwe pa maola 250. Werengani nokha, mwezi umodzi maola akwana. Ife tinafika pa 600 ndi oilo yemweyo, wakuda bii, kumupaka pa zala ngati phula. Ndikapempha oilo wa 15W-40 ndi mafyuluta ankati ingowonjezera pamwamba, ndalama zathera ku dizilo. Za antifreeze, mankhwala osakaniza ndi madzi oziziritsa injini, ndiye sankafuna n'kumva komwe, ati chisanu chinatha. M'mawa uliwonse ndinkathira chigubu cha madzi a pampopi, osadziwa kuti a dzulo apita kuti.

Itayamba kuzima yokha, kapitawo anabwera ndi kawaya kofiira m'thumba, n'kundilozera pomanga kuti tidumphe sensa. Ndinamanga ndi manja angawa. Lendi ku Rosettenville, ana awiri pa sukulu ku Ntcheu, ndikanayankha chiyani?

Usiku wachitatu magetsi anathima 10 koloko. Cha m'ma 1 koloko ndinamva kuti kulira kwasintha, kukubwera kafungo ka penti wopsa. Kuwalitsa tochi pa geji ya kutentha kwa injini, muvi wadutsa pofiira kalekale. Ndinathamanga kukamuuza kapitawo. Iye ati makina ali ndi pulasitiki wamoto mkati, tikazimitsa aumira momwemo, dikira magetsi abwera 2 koloko. Mphindi 20 sizinakwane. Kunayamba kugogoda ngati munthu akusinja mu mtondo wachitsulo, utsi woyera tolo ku paipi, kenako zii, fakitale yonse mdima. Mutu utabalalika ndinatola kansanza n'kupotokola chotsekera cha radiator, moziziritsira madzi a injini muja. Abale inu. Madzi anatumphuka pamodzi ndi nthunzi mpaka kudenga, dzanja langa lili pomwepo. Khungu linasupuka ngati la tomato womuviika m'madzi owira. Ndinakhala pansi pa simenti ndikuitana amayi, pomwe kapitawo akukuwa za oda ya kasitomala.

M'mawa makaniko anasolola dipstick, kachitsulo koyezera oilo kaja, oilo ali ngati tiyi wamkaka. Head gasket yapsa, head yapindika, ma bearing atha, injini yanoka. Anandiitana kuti ndione radiator: timipata tonse tatsekeka ndi fumbi la mphepo ya mu August, lomatana ndi oilo ndi tizidutswa ta pulasitiki, ngati aphimbapo bulangete. Fan belt yolefuka, paipi yamunsi ikudontha pa clamp. Zigubu zanga zija zinkathera pamenepo. Mkati mwa radiator zoyera zoumirira ngati za mu ketulo.

Abwana atafunsa za waya, kapitawo uja anandiloza ine osaphethira. Ati Mmalawiyu amachita zinthu payekha. Munthu amene ankadya nawo nsima yanga pa lanchi, amene ndinkamugwirira shifiti akakhala ndi matsire! Anandidula malipiro, Lachisanu n'kundiuza kuti ndisabwerenso, dzanja lili mu bandeji. Zoti ku CCMA, bungwe lomva madandaulo a antchito, umayenera kukadandaula pasanathe masiku 30 ndinazimva nthawi itatha. Mpaka lero ndikamva jenereta ikulira mtima umandiwawa.

Ndiye inu yambani ndi radiator. Injini ili chizimire, uzirani radiator ndi mpweya wa kompresa kuchokera mbali imene mphepo imatulukira, muone zimene zituluke. Dinani fan belt ndi chala, gwirani mapaipi onse, onani ngati wina sanachotse thermostat, kachipangizo kotsegulira madzi njira injini ikatentha. Onaninso kachipinda ka jeneretayo, chifukwa ambiri kuno anazitsekera m'makoma poopa akuba, ndiye mphepo yotentha imangozungulira momwemo. Musaiwale kuti Johannesburg ili pamwamba, mamita oposa 1,700. Mpweya ndi wopepuka, injini siikoka ngati ku Durban kugombe la nyanja, ndipo madzi amawira pa madigiri pafupifupi 94 m'malo mwa 100. Kamphira ka pa chotsekera kakangotha, presha imathawa, madzi n'kuwira msanga. Antifreeze theka madzi oyeretsedwa theka, chaka chonse, ndi amene amaletsa dzimbiri. Oilo ayende ndi maola a pa mita, lembani m'kabuku tsiku lililonse.

Komabe ndikudziwa mmene ntchito ikusowera kuno ku Joni. Akakupanikizani zedi mangani wayayo, bola ayambe walemba pa WhatsApp kuti ndi iye walamula, mujambule geji, musunge. Mukhale pambali pake osachoka, muvi ukayandikira pofiira chotsani load, ilire yopanda katundu mphindi zingapo kuti turbo izizire, kenako zimitsani ngakhale akuwe bwanji. Madzi akakutherani usiku thirani a pampopi omwewo, kusiyana ndi kuilizitsa youma, koma dikirani mpaka paipi yapamwamba muziigwira ndi dzanja osapsa. Tumizani chithunzi cha radiator ndi maola amene ali pa mita tione.