Musayambe ndi konfrontieren: yankho kwa achemwali a ku Stuttgart

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wachitsikana amene ali ku Stuttgart, mzinda wa ku Germany, komwe akuchita maphunziro a zaka zitatu a ntchito yosamalira odwala ndi okalamba. Chifalansa anachiphunzira ku sekondale kwathu kuno, pomwe Chijeremani akuchitola kumene, tsiku ndi tsiku. Nkhani yake ndi iyi: kwa miyezi iwiri tsopano dzina lake likumapezeka pa ndandanda ya ntchito Loweruka ndi Lamlungu lililonse, anzake akusinthana. Wafika potopa, ndipo akufuna kukaonana ndi mkulu wa wodi. Atatsegula dikishonale pa mawu a Chingerezi oti *confront*, anapeza *konfrontieren*, *sich stellen* ndi *angehen*, ndipo mbali ya Chifalansa anapeza *affronter*, *confronter* ndi *faire face*. Funso lake: "Kodi onsewa ndi amodzi? Nanga nditenge ati kuti ndisaoneke wamwano?"

Achemwali, zikomo chifukwa chondikhulupirira ndi nkhani imeneyi. Onsewa si amodzi, ndipo *konfrontieren* muwasiye kaye pambali. Mawu amene akukuyenerani sali n'komwe pa mndandanda wanuwo, ndi *ansprechen*. Ndifikako, koma ndiloleni ndidzere njira yaitali, chifukwa funsoli lidzakupezaninso pa nkhani ina.

Chimene chakusokonezani ndi Chingerezi. Mawu oti *confront* amasenza katundu wambiri: munthu amatero pamene vuto lamugwera, pamene walimba mtima kuliyang'ana, ndiponso pamene wapita kukamufunsa mnzake pamaso. Ife m'Chichewa zinthu zimenezi sitiziphatikiza. Kukumana ndi vuto ndi kwina, kulimbana nalo ndi kwina, kuthana nalo ndi kwinanso, ndipo kupirira kuli pakepake. Palibe mwana wa ku Ntcheu kapena ku Kasungu amene angasokoneze "ndakumana ndi vuto" ndi "ndathana ndi vuto". Chifalansa ndi Chijeremani zimagawa mofanana ndi ife. Ndiye mukamafuna mawu, yambani mwadzifunsa m'chinenero cha amayi anu kuti mwaima pati pa vutolo. Mukadzera ku Chingerezi mutayika.

Tiyambe ndi pamene vuto lakugwerani, inu musanachite kanthu. Afalansa amati *être confronté à*, Ajeremani amati *konfrontiert sein mit*, ndipo m'Chingerezi ndi *to be faced with*. *Je suis confrontée à un problème. Ich bin mit einem Problem konfrontiert.* Apa palibe mwano uliwonse, mukungonena kuti mwakumana nazo. Zimasintha mukatembenuza mawuwo kuti inu mukhale wochita. *Confronter* m'Chifalansa ndi zimene wapolisi amachita poika mboni ziwiri pamodzi kuti aone amene akunama, kapena zimene munthu amachita poyerekeza makalata awiri. *Jemanden mit etwas konfrontieren* m'Chijeremani ndi kumuikira munthu umboni pamaso pake, ngati amene wamugwira. Pali mawu ena olimba kuposa pamenepo, *jemanden zur Rede stellen*, kumuimitsa munthu kuti afotokoze zimene wachita, monga momwe nkhoswe imamufunsira mwamuna amene wagona kunja masiku atatu. M'Chingerezi ndi *to take someone to task*. Mkulu wa wodi akamva kuti mwabwera kudzamuchita zimenezi, adzakonzekera kudziteteza, ndipo za ndandanda zija zidzaiwalika.

Mawu oti *confront*, *confronter*, *konfrontieren* ndi *affronter* ali ndi chiwalo chathupi chobisika m'kati mwake. *Front* m'Chifalansa ndi mphumi, kuchokera ku Chilatini *frons*. *Affronter* ndiye kuti kupita mphumi patsogolo, ndipo *confront* ya Chingerezi ndi mphumi ziwiri zitayang'anizana. Ajeremani nawo ali ndi *jemandem die Stirn bieten*, kumupatsa munthu mphumi, kutanthauza kumukana osaopa. Ndimakonda kuwauza ophunzira anga kuti akumbukire atonde awiri pa dambo, aliyense atabwerera m'mbuyo pang'ono asanagundane. *Affronter* ndi ameneyo. Mukamvera mpira pa wailesi ya Chifalansa mudzamva kuti *le Sénégal affronte le Maroc*, matimu awiri akuswana. Munthu amathanso kunena *affronter la maladie*, *affronter la mort*, *affronter sa peur*, kulimbana ndi matenda, imfa, mantha. Ndi mawu a zinthu zazikulu zokhala ngati mdani. Ndandanda ya ntchito siifika pamenepo.

*Faire face à* ndi wofatsa, ndipo ndi amene mudzamumva kwambiri. Ndi kuvala zilimbe, kuima osathawa. *Elle fait face à ses dettes*, akulimbana ndi ngongole zake, sakuzibisalira. Mayi amene mwamuna wake wamwalira n'kumusiyira ana anayi, anthu amati *elle fait face*, osaonjezera kanthu. M'Chingerezi ndi *to face up to* kapena *to cope*. Mnzake wa m'Chijeremani ndi *sich stellen*, kudziimika wekha pamaso pa chinthu: *Ich stelle mich dem Problem.* Samalani pamenepa, ndi *dem* osati *das*, chifukwa verebuyi imakoka dative, lamulo la galamala limene limasintha *das* kukhala *dem*. Wakuba akakadzipereka yekha ku polisi amati *er hat sich gestellt*. Mukaona chithunzi chimenecho mumva kulemera kwake: munthu wasiya kuthawa.

Kuima chabe sikukwanira, pamafunika kugwira ntchito. Apa Chijeremani chimakoma, chifukwa mawu ake ali ndi manja ndi miyendo. *Angehen* ndi kuliyendera vutolo, *anpacken* ndi kuligwira ndi manja awiri monga mmene timagwirira thumba la chimanga kuti tiliike pa njinga. Onse awiri amaduka pakati m'chiganizo, kachidutswa ka *an* n'kukagwera kumapeto: *Wir gehen das Problem an. Wir packen es an.* Afalansa amati *s'attaquer à*, ndipo Chingerezi chimati *to tackle*. Mwambi wogwira nkhunzi ya ng'ombe pa nyanga uli m'zinenero zitatu zonse, *prendre le taureau par les cornes*, *den Stier bei den Hörnern packen*, *to take the bull by the horns*. Ingoudziwani kuti mudzaumve, simukusowa kuunena.

Pali verebu ina yaitali imene Ajeremani amaikonda kwambiri, *sich auseinandersetzen mit*. Mukaiphwanya, ndi kukhazika zinthu padera padera, chimodzichimodzi, kuti uzione bwino, monga mayi akusankha nyemba m'lichero. Amaigwiritsa ntchito pa buku, pa maganizo a munthu wina, pa mbiri ya dziko. Chingerezi chimayesa ndi *to grapple with* kapena *to engage with*, Chifalansa ndi *se pencher sur*, kuweramira chinthu. Aphunzitsi anu akadzalemba pa pepala lanu kuti *Sie haben sich gut mit dem Thema auseinandergesetzt*, kondwani, akuti mwaifukula nkhaniyo. Koma dzina lochokera pa verebuyi, *eine Auseinandersetzung*, limatanthauzanso mkangano.

Za kuthetsa sindichedwapo. *Résoudre*, *lösen* ndi *to solve* onse pa muzu wake ndi kumasula. Mjeremani amamasula mfundo ya chingwe ndi verebu yomweyo imene amathetsera vuto, *einen Knoten lösen*, *ein Problem lösen*. Chifalansa chimangovuta posintha mawu: *je résous*, *nous résolvons*, *j'ai résolu*. Pocheza, ambiri amangoti *régler*: *c'est réglé*, zatheka. *Surmonter*, *überwinden* ndi *to overcome* ndi kudutsa pamwamba pa chopinga, ndipo amayenera pa mantha, manyazi ndi chisoni.

Koma si vuto lililonse lili ndi mfundo yomasula, ndipo inu amene mumagwira ntchito pakati pa okalamba mukudziwa bwino kuposa ine. Agogo amene aiwala dzina la mwana wawo sangachire. Pamenepa Ajeremani amati *bewältigen*, mawu achibale ndi *Gewalt*, mphamvu. Ndi kupeza mphamvu zosenzera chinthu cholemera mpaka uchifikitse. *Den Alltag bewältigen*, kukwanitsa zochita za tsiku ndi tsiku, mudzaziona m'mabuku anu a sukulu mobwerezabwereza. *Trauer bewältigen* ndi kuyenda ndi chisoni mpaka mtima ukhale m'malo. Pocheza amati *klarkommen* kapena *zurechtkommen*, ndipo mnzanu akakufunsani kuti *Kommst du klar?* akufunsa ngati zikuyenda, ngati mukukwanitsa.

Kuchokera ku *bewältigen* kunabadwa mawu a zilembo 25, *Vergangenheitsbewältigung*, kulimbana ndi zakale. Akunena za momwe dziko la Germany linayesera kuyang'anizana ndi zimene linachita mu ulamuliro wa Hitler, kuyambira 1933 mpaka 1945. Ambiri sanakhutire nawo mawuwa, chifukwa amamveka ngati nkhani yoopsa chotero munthu angaisenze, aifikitse, aitule, basi yatha. N'chifukwa chake ena amasankha *Aufarbeitung*, kuigwirira ntchito pang'onopang'ono osaitseka. Theodor Adorno, katswiri wa filosofi wa ku Germany, anakamba za mawu amenewa mu 1959, ndipo anachenjeza kuti ngakhale iwo anthu amatha kuwagwiritsa ntchito pofuna kukwirira nkhani. Pa 7 December 1970 Willy Brandt, ali mtsogoleri wa West Germany, anagwada pa chipilala chokumbukira Ayuda a ku ghetto ya ku Warsaw ku Poland, dera limene asilikali a Hitler anawatsekeramo. Mukamayenda m'misewu ya ku Stuttgart muziyang'ana pansi. Mudzaona timiyala tamkuwa tating'ono ngati chikhatho, tolembedwa dzina la munthu amene anazunzidwa mu ulamuliro wa Hitler, chaka chimene anabadwa ndi kumene anatengedwera, toikidwa pakhomo la nyumba imene ankakhala. Amatitcha *Stolpersteine*, miyala yopunthwitsa. Ndikuona kuti munthu amene waima pa kamwala kamodzi kotere n'kuwerenga dzina, wamva tanthauzo la *sich stellen* kuposa momwe ine ndingafotokozere. Ndipo ntchitoyi sinathe. Mu May 2021 boma la Germany linavomera poyera kuti zimene asilikali ake anachita kwa Aherero ndi Anama ku Namibia pakati pa 1904 ndi 1908 kunali kupululutsa mtundu.

Chifalansa chili ndi mawu ake amene Chijeremani sichifikapo bwinobwino, *se débrouiller*. *Brouiller* ndi kusokoneza, *brouillard* ndi nkhungu, ndiye *se débrouiller* ndi kudzichotsa wekha mu nkhungu, kutakataka, kuona chochita ndi zimene uli nazo. M'Chingerezi amati *to get by* kapena *to manage*. Afalansa amatchula luso limeneli kuti *système D*. Ku Congo, kuyambira nthawi ya Mobutu, anthu amanena za *Article 15*, lamulo losalembedwa loti *débrouillez-vous*, aliyense adzionere yekha. Funsani aliyense wa ku Congo amene mungakumane naye, kaya ku Dzaleka kaya ku Brussels, akuuzani. Mawuwa ndimawalemekeza chifukwa asunga mabanja ambiri amoyo, koma ndimawaopanso. Bwana akakuuzani kuti *débrouillez-vous*, wakutayani. Ndipo munthu wozolowera kutakataka yekha amachedwa kupempha chimene chili chake.

Ndikuganiza kuti inu muli pamenepo, achemwali. Miyezi iwiri mwapirira. Kwathu tinaleredwa kuti wamkulu sumuyang'ana m'maso, ndipo kudandaula kuntchito ndi kudzichotsera mwayi. Koma kumene muliko, kukhala chete ambiri amakutenga ngati kuvomera. Ajeremani ali ndi mawu angapo onyoza amene amazemba nkhani: *den Kopf in den Sand stecken*, kukwirira mutu mu mchenga ngati nthiwatiwa, chimene Afalansa amati *faire l'autruche*, *unter den Teppich kehren*, kusesera zinyalala pansi pa kapeti, *auf die lange Bank schieben*, kuzengereza. Palinso *aussitzen*, kulikhalira vuto mpaka anthu atope, chimene ambiri ankamunenera Helmut Kohl, mtsogoleri wakale wa Germany, pa zaka zake 16 za utsogoleri. Amenewa m'Chingerezi ndi *to bury one's head in the sand*, *to sweep under the carpet*, *to put off* ndi *to sit out*.

Tsopano tibwerere kwa *ansprechen*. Ndi kuitchula nkhani, kuiika poyera kuti anthu akambirane, *to raise* kapena *to bring up* m'Chingerezi, *aborder* kapena *soulever* m'Chifalansa. Mulibe kuloza chala, mulibenso kupepesa. Ndi zija ife timati tikhalirane pansi. Musamugwire mkuluyo pakhonde akuthamanga ndi mankhwala m'manja. Pemphani nthawi: *Hätten Sie diese Woche zehn Minuten für mich? Ich möchte etwas ansprechen.* Muli ndi mphindi khumi zoti tionane sabata ino? Pali nkhani imene ndikufuna ndiitchule.

Tsikulo mutenge ndandanda za miyezi iwiriyo, mutazungulira masiku anu ndi cholembera. Muziike patebulo, kenako munene zimene mwaona osati zimene mukumuganizira: *Mir ist aufgefallen, dass ich seit zwei Monaten jedes Wochenende arbeite.* Ndaona kuti kwa miyezi iwiri ndikugwira ntchito kumapeto kwa sabata iliyonse. Mukatero mumupatse mpata ayankhe, chifukwa mwina sanazindikire n'komwe. Akamaliza, mufunse kuti *Wie können wir das lösen?* Tingathetse bwanji? Kamawu ka *wir* kameneko musakaiwale. Akakulonjezani kuti asintha, muthokoze, ndipo musanatuluke mufunse kuti *Ab wann?*, kuyambira liti. Ngati mwezi wotsatira dzina lanu lidzapezekanso pomwe paja, mukafotokozere aphunzitsi a ku sukulu yanu ya unamwino, ndipo mudzandilemberenso.