Funsani Amisiri: Kabokosi kodzizimitsa kokha

FUNSO: Akonzi, ndinaona pa foni kabokosi kena koseketsa. Munthu akayatsa switchi yake, chivindikiro chimatseguka, kamkono n'kutuluka, kuzimitsa switchi ija, n'kubwereranso mkati. Ophunzira anga akufuna tipange kathu. Kodi mkatimo mumakhala kakompyuta?
Mphunzitsi, Dedza

YANKHO: Ayi aphunzitsi, mulibe kompyuta. Maganizowa anayamba ndi Marvin Minsky mu 1952 ali ku malo ofufuzira za sayansi otchedwa Bell Labs ku America, ndipo Claude Shannon ndiye anakapanga. Nzeru yonse yagona pa maswitchi awiri ndi kamota kamodzi.

Pezani kamota ka magiya koyendera 3V mpaka 6V, kozungulira pang'onopang'ono, maulendo 30 mpaka 60 pa mphindi. Pezaninso mabatire anayi a AA ndi choikamo chake, switchi ya kamtengo kokankha, ya miyendo isanu ndi umodzi, yomwe ogulitsa amaitcha DPDT, ndi kaswitchi kakang'ono kokhala ndi kachitsulo kodinikiza, kotchedwa microswitch. Ya miyendo isanu ndi umodziyo ikhale yopanda poima pakati, ingopita uku kapena uko. Amisiri okonza mawailesi mumsika angakuthandizeni kupeza zonsezi.

Bokosi lipangeni ndi pulayiwudi wopyapyala, masentimita 15 mulitali, 10 mulifupi, 8 kuya kwake. Chivindikiro chidulidwe pawiri. Mbali imodzi ikhomereni, muboolepo poika switchi pafupi ndi podulapo. Mbali inayo imangeni ndi kachidutswa ka chubu cha njinga m'malo mwa mahinjesi, kuti izitseguka mosavuta n'kugwa yokha. Mkono muucheke wopindika ngati chikwakwa, nsonga yake italikirane ndi kachitsulo kozungulira ka mota, pomwe mkonowo umangidwe, masentimita 5 kapena 6. Yambani mwaucheka pa katoni, muuyese, kenako mulembe chimodzimodzi pa thabwa. Mukatero simuwononga pulayiwudi.

Pa mawaya ndi pomwe ambiri amasokonezeka, ndiye tiyeni tifatse. Tembenuzani switchi, miyendo iyang'ane kwa inu: iwiri pamwamba, iwiri pakati, iwiri pansi. Mawaya awiri a mota alowe pa miyendo yapakati. Ofiira ndi akuda a mabatire alowe pa iwiri yapamwamba. Kenako pingasani mawaya awiri ngati chilembo cha X: wakumanzere pamwamba upite kumanja pansi, wakumanja pamwamba upite kumanzere pansi. Waya mmodzi mwa awiri opingasawa mumudule pakati, nsonga zake muzilumikize ku kaswitchi kakang'ono kaja, pa miyendo yolembedwa COM ndi NC. Wa NO usiyeni.

Chimachitika ndi ichi. Mwana akakankha switchi, moto umalowera pa miyendo yapamwamba, mota n'kuyendetsa mkono kupita kutsogolo. Mkono ukaigwetsa switchi, moto umadzera mu X uja, ofiira ndi akuda amasinthana malo, mota n'kubwerera m'mbuyo. Ukafika pansi umatsamira kaswitchi kakang'ono, njira ya moto n'kuduka, zii. Pamenepo mabatire sadyeka ngakhale kabokosi katakhala mwezi wathunthu pa shelefu. Ngati poyesa koyamba mkono walowera kolakwika, musamasule zonse. Sinthanitsani mawaya awiri a mota basi.

FUNSO: Ndinapanga kanga ndi mota ya mu kagalimoto ka ana. Imalira ndithu koma mkono ukafika pa switchi umangoima njii, mota n'kutentha. Ndalakwitsa pati?
Wowerenga, Mzuzu

YANKHO: Achimwene, mota ya choncho ili ndi liwiro koma ilibe mphamvu yokankha. Imazungulira maulendo zikwizikwi pa mphindi, ndipo ikagwidwa n'kuima imakoka moto wambiri, n'chifukwa chake ikutentha. Kuwonjezera mabatire kungoipsereza. Magiya ndiwo amasandutsa liwiro kukhala mphamvu. Ngati ya magiya yogula yasowa, phwasulani DVD yakufa: chimene chimatulutsa ndi kulowetsa thireyi chimakhala ndi mota, kalamba ndi magiya ake, ndipo mungachichotse chonse pamodzi.

Onaninso zinthu ziwiri. Mkono ukatalika, mphamvu ya kunsonga imachepa. Mukautalikitsa kawiri, mphamvuyo imatsika ndi theka. Chachiwiri, nsonga izigunda kumutu kwa kamtengo ka switchi, osati m'tsinde. Maswitchi ena ndi olimba kwambiri. Pogula yesani ndi chala chaching'ono, musankhe yofewa, ndipo mukhoza kuveka kapaipi ka bolopeni pa kamtengoko kuti katalike.

FUNSO: Kanga kakuzimitsa bwino, koma mkono ukabwerera umangonjenjemera, kakulira tetete osaleka.
Mayi wa ana awiri, Chipata

YANKHO: Mayi, vuto lili pa kaswitchi kakang'ono. Mkono ukukadina, moto ukuduka, koma sipuling'i yake ikuukankhanso pang'ono, moto n'kubwerera, mota n'kudinanso, mobwerezabwereza. Pindani kachitsulo kaja pang'ono kuti mkono ukakhudze msanga n'kupitirira nako mamilimita awiri kapena atatu usanaime. Matani kasiponji pomwe mkono umagonera kuti usamadumphe. Zikapitirira, gwiritsani ntchito mabatire awiri okha m'choikamo cha awiri, mota iziyenda mofatsa. Ngati ikungoduduma osanjenjemera, ndiye kuti mkono sukufika pa kaswitchiko. Mukalumikiza NO m'malo mwa NC, mkono subwerera n'komwe.

Kakayamba kuyenda bwino, vekani mkonowo kansalu kakale, musokerepo mabatani awiri ngati maso. Ana amafa nazo kuseka akaona kanyama kakusuzumira.

FUNSO: Mwana wanga ali mu Sitandade 3. Palibe chosavutirapo? Nanga mabatire akudula, sindingalumikize ku magetsi a m'nyumba?
Bambo, Lilongwe

YANKHO: Bambo, magetsi a pakhoma ndi a 230V ndipo amapha. Asafike n'komwe pa chidole chilichonse. Chaja ya foni yosang'ambika imatulutsa 5V, ndipo ikhoza kuyendetsa kabokosi kudzera pa chingwe cha USB, waya wofiira ndi wakuda. Chajayo isatsegulidwe.

Kwa mwanayo, pangani chidole china chosavuta: dulani mutu wa mswachi wakale, mumatepo kamota konjenjemeretsa ka mu foni yakufa, ndi batire lophwatalala la CR2032, la 3V. Waya mmodzi akhale pansi pa batire, wina pamwamba, mumange ndi tepi. Kamota kali ndi kachitsulo kolemera mbali imodzi, ndiye kakamazungulira mswachi umagwedezeka n'kuthamanga pa tebulo ngati mphemvu. Tsitsi la mswachi likhale lopendekera mbali imodzi. Likaima chilili umangovina malo amodzi. Liviikeni m'madzi otentha, mulitsindike ndi chinthu cholemera mpaka lizizire. Ukamagwa cham'mbali, sunthirani batire pakati.

Batire limeneli muzisunga nokha mukatha kusewera. Mwana wamng'ono akalimeza limawotcha kum'mero m'maola ochepa, ndipo ayenera kuthamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo.