Paundi ya ku St Helena: yankho kwa achimwene ofuna phindu

Achimwene ena andilembera imelo sabata yatha. Akuti aona pa intaneti ndalama zapepala za ku zilumba zakutali, ina ya ku St Helena, ina yolembedwa Tristan da Cunha, ndiye akufunsa ngati angadzapeze phindu atazigula n'kuzisunga zaka khumi. Achimwene, funso lanuli ndagona nalo masiku anayi, chifukwa mwandigunda pachilonda.

Malemu bambo anga ankasunga paundi imodzi ya Malawi m'Baibulo mwawo, ija anthu ankagwiritsa ntchito kwacha isanabwere mu 1971. Inali itasiya kalekale kugula kanthu. Amayi ankati ndi pepala wamba, koma bambo ankaitulutsa Lamulungu madzulo, kuiwongola pabondo, n'kutiuza kuti inachokera pa malipiro awo oyamba ku esiteti ya tiyi ku Thyolo. Atatisiya, Baibulo lija linakhala m'sutikesi kunsi kwa bedi, chiswe n'kulowamo. Nditabwera kuchokera ku Cape Town ndinapeza dothi lokhalokha. Ndinalira ngati maliro ayambiranso.

Chaka chotsatira, mu 2013, ndinkagwira ntchito yonyamula katundu pafupi ndi doko la Cape Town. Nthawi imeneyo ku St Helena kunalibe bwalo la ndege. Wofuna kupitako ankakwera sitima ya RMS St Helena, masiku asanu panyanja kuchokera ku Cape Town mpaka ku Jamestown, likulu la chilumbacho. Mayi wina wachikulire wa pachilumbapo, amene anabwera kudzaonana ndi madokotala, ndinamuthandiza kukweza mabokosi ake. Analibe ma rand m'manja, ndiye anandipatsa £5 ya kwawo, yofewa ngati nsalu yakale, nkhope ya Mfumukazi Elizabeth II itayamba kufufutika popindidwapo. Kosinthitsa ndalama anaiyang'ana uku ndi uku n'kundibwezera. Mphamvu yake ndi yofanana ndendende ndi paundi ya ku Britain, koma imagula zinthu pa St Helena ndi pa chilumba cha Ascension basi.

Usiku umenewo ndinayamba kuwerenga za malowo. Chilumba chonse chili ndi anthu osakwana 5,000, pakati pa nyanja ya Atlantic, makilomita pafupifupi 1,900 kuchokera kugombe la Africa. Taganizani, ndalama yozungulira pakati pa anthu ochepa chotero! Pepala limodzi lomwelo lagula buledi, lagula nsomba, laperekedwa m'mbale ya kutchalitchi, mwina labwerera kangapo kwa mwini wake yemwe uja. Ndinaligwira ngati ndagwira dzanja la mudzi wonse.

Ndipo pano ndiloleni ndipatuke pang'ono, chifukwa zimandipweteka. Ukatchula St Helena aliyense amathamangira kwa Napoleon, wolamulira wakale wa France, amene anasungidwa kumeneko kuyambira 1815 mpaka kumwalira kwake mu 1821. Ochepa amadziwa kuti Dinuzulu, mfumu ya Azulu, anakhalanso mu ukaidi komweko kuyambira 1890 mpaka 1897. Ochepa kwambiri amadziwa za chigwa cha Rupert's, kumene kuyambira 1840 asilikali apamadzi a Britain ankatsitsira anthu a ku Africa olanditsidwa m'zombo za akapolo. Anatsitsidwa oposa 25,000, ndipo pafupifupi 8,000 anafera pomwepo, atafika kale atatheratu ndi matenda ndi njala. Mu 2008, pokonzekera msewu wopita kubwalo la ndege, anafukula mafupa a anthu 325, ambiri mwa iwo ana ndi achinyamata, ndipo anawaikanso m'manda mwaulemu mu 2022. Ine ndikatsegula buku langa la ndalama, anthu amenewo ndiwo amabwera m'maganizo mwanga poyamba.

Tsono ya Tristan da Cunha ija. Musagule, achimwene, chonde. Ine ndinagula yotero mu 2016 kwa wogulitsa wina wa pa intaneti, yokongola, ya mbalame ndi phiri, ndipo ndinaisunga miyezi isanu ndi itatu ndisanadziwe zoona. Tristan da Cunha ilibe ndalama zapepala zakezake, anthu ake amagwiritsa ntchito paundi ya ku Britain. Chilumba cha Pitcairn chimagwiritsa ntchito dola ya ku New Zealand. Antarctica ilibe boma loti n'kusindikiza ndalama. Mapepala olembedwa mayina a malo amenewa amapangidwa ndi anthu amalonda kuti akole osonkhanitsa ongoyamba kumene. Ena amawaikira kumbuyo, amati ndi luso lojambula. Ine ndikukana kwamtuwagalu. Pepala limene silinagulepo ngakhale mchere si ndalama, ndipo woligulitsa osanena zimenezo ndi wakuba.

Ndimakananso mchitidwe wotsekera ndalama m'pulasitiki yomata, n'kuipatsa malikisi kuyambira 1 mpaka 70 ngati mwana wasukulu. Ndikudziwa kuti pamsika yatsopano yosapindidwapo, imene amati UNC, ndiyo imakwera mtengo. Koma £5 yanga yothaitha sindingaisinthanitse ndi khumi zoterozo.

Nanga muyambire pati?

Za St Helena zamakono ndi zochepa, ndiye munthu akhoza kuzimaliza. Boma la pachilumbapo linatulutsa £1 ndi £5 mu 1976, kenako 50p ndi £10 mu 1979. Mu 1984 ziwiri zazing'onozo, 50p ndi £1, zinalowedwa m'malo ndi zachitsulo, £20 inabwera mu 1986, ndipo mu 2004 kunatuluka mtundu watsopano wa £5, £10 ndi £20. Pa £1 ndi £5 zoyambirira zija yang'anani mawu a Chilatini: analakwitsa n'kulemba ANGLÆ m'malo mwa ANGLIÆ, n'kudzakonza pambuyo pake, choncho ndi bwino kukhala nazo zonse ziwiri. Musanalipire funsani nambala ya Pick, imene ndalamayo ili nayo m'buku la mndandanda wa ndalama zapepala, ndi chithunzi cha mbali zonse. Sungani m'timatumba ta pulasitiki ya Mylar, osati ya PVC, kutali ndi chinyezi ndi dzuwa, ndipo musaisite kapena kuimata ndi selotepi. Za phindu, musaliyembekezere. Ogulitsa ali nazo zatsopano zambiri, ndipo mtengo wotumizira pamodzi ndi wosinthira kwacha udzadya kaphindu kalikonse kamene kangabwere.

Sitima ya RMS St Helena ija inapuma ntchito mu 2018, ndege za Airlink zitayamba kuuluka kuchokera ku Johannesburg mu Okutobala 2017. Ndakhala ndikuika padera pang'onopang'ono kuti ndidzapiteko. Ndikufuna kukwera masitepe 699 a Jacob's Ladder, kukaona Jonathan, kamba wa ku Plantation House, nyumba ya bwanamkubwa, amene anafika pachilumbapo mu 1882 ndipo ali pa kandalama kachitsulo ka 5p, kenako kukaima mwakachetechete ku Rupert's. £5 ija ndidzaitenga m'thumba la malaya. Mkazi wanga amandifunsa ngati ndidzagulire kanthu kumeneko. Ndinamuyankha kuti ndidzangoionetsa kwawo, n'kubwera nayo, chifukwa mwana wathu wamkazi wayamba kale kuipempha Lamulungu madzulo.