Woyimba ng'oma adya chiyani?

Mdzukulu wanga wa ku Ndirande wandifunsa kuti: "Agogo, n'chilungamo kodi kuti msonkho wathu uzipita kwa oyimba ndi azisudzo pomwe m'zipatala mulibe mankhwala?"

Za mankhwalazo sindikutsutsa, mwanawe. Koma ukanayamba wafunsa kuti woyimba ng'oma amadya chiyani.

Kwathu gule akamakonzedwa, khomo lililonse linkasonkha. Wina lichero la chimanga, wina chimera cha mowa, wina nkhuku. Wosema ng'oma ankatha masiku kutchire kusaka mtengo, kenaka kukuta chikopa, kuiwamba pamoto, kumata phula pakati kuti ilire bwino, uku munda wake ukumera tchire. Ndiye mudzi unkamuganizira. Pabwalo wovina akatyola dansi mogwira mtima, mayi ankamasula kandalama komwe anamanga kumsonga kwa chitenje, n'kulowa akululutira kukamusupa. Wosauka yemwe ankasupa, poti kuonera gule chimanjamanja zinali zamanyazi. Ngakhale nkhalamba yolephera kufika pabwalo inkatumiza kake, podziwa kuti pamaliro ake idzalira ng'oma yomweyo. Kusupa kumeneku ndiko kukutha, ndipo kumandiwawa.

Mumzinda ngati Blantyre sungayende khomo ndi khomo ndi lichero. N'chifukwa chake pali msonkho. Ndiwo umasunga zinthu za makolo zija munakaona ndi aphunzitsi anu kunyumba ya mbiri yakale ku Chichiri. Pomwe ndalama siifika, zinthu zimagwa. Ife tinkadzazana ku French Cultural Centre kuonera zisudzo za Du Chisiza Jnr ndi gulu lake la Wakhumbata, koma malowo atasiyidwa ndi Afalansa mu 2011, akuba anawasasula, ndipo kukonza kwake kwatenga zaka.

Komatu ndalama ya boma isagule pakamwa pa munthu. Tinaziona nthawi ya Kamuzu, amayi akunyamulidwa pamalole kukavina kusitediyamu, nyimbo zonse zotamanda munthu mmodzi. Wosupa weniweni sankauza wovina nyimbo yoti ayimbe, ngakhale nyimboyo ikhale yodzudzula amfumu.

Usade nkhawa, mtima wofunsa uli nawowu ndi wabwino. Chondidandaulitsa n'chakuti inu ana a lero mumalirira msonkho, chonsecho nyimbo mumangotumizirana ulere pafoni, ndipo kukakhala zoyimbayimba mumasaka mnzanu wapageti woti akulowetseni mozemba. COSOMA ilipo kuyambira 1992 kutolera ndalama za aluso, koma singalowe m'thumba mwako kukakusupira. Mnyamata wa gitala ya chigubu uja umamudutsa pamsika wa Limbe, mawa ukamuponyereko kenakake usanamujambule pafoni.