Amangoti "tikuyimbirani"

Funso: Achimwene, ndimaweta nkhuku za mazira ku Luwinga. Ndayenda m'malo ogona alendo m'tauni muno, koma onse amangoti "tikuyimbirani." Nditani? — Mayi wa ku Mzuzu

Yankho: Mayi, amene mumamupeza pakhomo si amene amagula. Pemphani kuonana ndi wophika, mumusiyire thireyi imodzi ayese, chifukwa dzira lovunda amaliswa ndi iyeyo. Akakhutira, kwatsala wa zandalama. Ameneyo safuna nkhani zambiri, amafuna quotation yolembedwa (pepala losonyeza mitengo yanu), TPIN (nambala ya wolipira msonkho) ya ku MRA, komanso kudziwa ngati mungadikire malipiro mpaka kumapeto kwa mwezi. Apa ndi pomwe ambiri amagwera, poti nkhuku sizidya lonjezo, ndiye sunganiko ndalama ya chakudya chawo. Akakupatsani oda yoyamba musasowe. Lolemba lililonse afunseni pa WhatsApp kuti sabata imeneyo akufuna mathireyi angati.